Kamuvi ka quest mu Skyrim kakundizunguza mutu: vuto ndi ine kapena gemu yasokonekera?

Kanyimbi_PC

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikusewera Skyrim Special Edition pa kompyuta, ma mod (zowonjezera zosintha gemu) ndili nawo ochepa okongoletsa zithunzi basi, koma nkhani yotsata ma quest (ntchito zimene gemu imakutuma) yafika pondikwana. Mavuto alipo anayi ndipo mwina gwero lake ndi limodzi.

Ma quest a pansi pa Miscellaneous ndikawachonga, pa kampasi sipakuoneka kalikonse. Kwina kamuvi kakuloza chitseko, ndikafika gemu ikuti chitsekocho n'chopiringidza mbali inayo, kolowera kwina osaoneka. Palinso quest ina imene chomwe anandituma ndachita kale, koma mzere wake mu journal (buku la ma quest) sunasinthe, ndipo amene anandituma akungondipatsa moni. Chomaliza ndi timiyala tija ta Unusual Gem: quest ilipo, kamuvi kulibe.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti journal siifotokoza njira. Imangoti pita ukatenge chakuti, osanena ngati kuli kumpoto kapena kumwera, ndiye kamuvi kakasowa munthu umangoti kakasi. Ena akuti ndingolemba setstage, lamulo lokankhira quest patsogolo, mu console (kabokosi kolembamo malamulo a gemu) nkhani ithe. Kodi n'zoona? Ndiyambire pati?

Mlonda_wa_Chipata

Achimwene, setstage muyambe mwaisiya kaye. Pa zinayi mwatchulazi, zitatu si kuwonongeka kwa gemu ayi, ndi mmene anaipangira. Chimodzi chokha ndiye chingafune console.

Ya Miscellaneous imasokoneza anthu ambiri chifukwa gemu siinena paliponse kuti pamafunika kuchonga kawiri. Dinani J. Kumanzere, pa mndandanda wa ma quest, pitani pa mawu akuti Miscellaneous n'kuwayatsa monga mumayatsira quest ina iliyonse, mpaka kachizindikiro kaoneke pambali pake. Kenako lowani kumanja komwe kuli timizere ta ntchito zing'onozing'ono, muyatsenso kamzere kamene mukufuna. Kamzere kakayaka mutu uli chizimire, pa kampasi sipabwera kanthu. Mukayatsa mutuwo mwina mupeza timizere tina tili toyaka kale, kampasi n'kudzaza ndi mivi. Zimitsani tonse, musiye kamodzi. Mivi ya pa kampasi imafanana yonse ndipo ilibe mayina, choncho kuyatsa ma quest asanu nthawi imodzi ndi kudzisocheretsa nokha. Mukasankha quest mu journal n'kudina M, mapu amatseguka pomwe quest imeneyo ikuloza, ndipo pamenepo mumadziwa kuti muvi uwu ndi wa chiyani.

Zikakanikabe, onani mu Settings. Pansi pa Gameplay pali Show Floating Markers, imene imayatsa kamuvi koyandama pamwamba pa munthu kapena chinthu mukachiyandikira. Pansi pa Display pali HUD Opacity. Ikatsika kwambiri kampasi yonse imazimiririka. Pa kompyuta palinso fayilo ya SkyrimPrefs.ini, mu Documents, mu My Games, mu foda ya Skyrim Special Edition. Fufuzani mzere wa bShowQuestMarkers, uyenera kukhala pa 1. Mapulogalamu ena okonzera ma mod amasunga fayilo yawoyawo yotere, ndiye muonetsetse kuti mukusintha imene gemu ikuwerengadi.

Tsopano ya chitseko. Gemu imagawa dziko m'zigawo: kunja ndi chigawo china, mkati mwa nyumba kapena phanga ndi china. Chimene mukufuna chikakhala m'chigawo chosiyana ndi chomwe muli, kamuvi sikaloza chinthucho, kamaloza chitseko chopita kumeneko, ndipo pa kampasi kamaoneka ndi kachithunzi ka chitseko. Vuto n'lakuti kamasankha chitseko chapafupi osasamala ngati chikutseguka. Manda ndi mapanga ambiri a mu Skyrim anawamanga mozungulira: mumalowera uku, mumayenda mpaka kwa mdani wamkulu, kenako mumatulukira pa njira yachidule imene ili ndi mpiringidzo kapena tcheni chokoka mbali ya mkati. Kamuvi kamakonda njira yachiduleyo. Mukaona uthenga wakuti chitseko n'chopiringidza mbali inayo, dziwani kuti mwafika potulukira. Bwererani, mutenge njira yaitali, kamuvi kaziloza kumbuyo kwanu choncho, musakalabadire.

China n'chakuti kampasi siisonyeza ngati chinthu chili pamwamba kapena pansi. Mutha kuima ndendende pomwe pali kamuvi pamene chinthucho chili pansi pa mapazi anu kapena pa nsanjika ya pamwamba. Tsegulani mapu n'kudina L kuti muone mapu a pamalopo, koma nawonso amasanjikiza zipinda zonse pamodzi, ndiye muziyang'ana pomwe pali masitepe. Chothandiza kwambiri ndi matsenga a Clairvoyance, a gulu la Illusion, a oyamba kumene. Farengar ku Dragonsreach amagulitsa buku lake. Matsengawa amajambula kanjira kowala pansi kotsata poyenda penipeni, osati mzere wowongoka wodutsa m'makoma. Muziwagwiritsa ntchito quest yoyaka ili imodzi yokha.

Timiyala tija musavutike nato mtima, palibe chawonongeka. Quest yake ndi No Stone Unturned, timiyala tilipo 24, mumakatisonyeza kwa Vex ku Riften, ndipo opanga gemu sanaike kamuvi pa kamwala ngakhale kamodzi. Kena kali mkati mwa Proudspire Manor ku Solitude, nyumba yogula ndi golide 25,000. Chimodzimodzi Crimson Nirnroot 30 za ku Blackreach: kamuvi kulibe, mumatsata kulira kwake ndi kuwala kofiira.

Kadzidzi_Usiku

A Mlonda afotokoza bwino zitatuzo. Ine nditenge ya quest yoima, chifukwa apa ndi pomwe anthu amawonongera sevu yabwinobwino.

Mkati mwa gemu, quest iliyonse ili ndi zinthu zitatu zosiyana. Pali ma siteji, omwe ndi manambala monga 10, 20, 30. Pali timizere tomwe mumawerenga mu journal. Ndiye pali ma alias, omwe ndi mipata imene quest imadzaza ikamayamba: uyu ndiye wotuma, uyu ndiye wophedwa, ili ndiye bokosi, awa ndiwo malo. Kamuvi kamaloza alias. Siteji ikakwana, ka script kake (kapulogalamu kakang'ono ka mkati mwa gemu) kamathamanga n'kuchita ntchito: kutsegula chitseko, kubweretsa munthu pamalo, kukupatsani chinthu, kusintha mzere mu journal. Quest ikaima ndiye kuti china mwa izi sichinachitike, ndipo zifukwa zake zimakhala zochepa zomwezomwezo.

Chofala kwambiri ndi kuchita chinthu nthawi yake isanakwane. Munapha mtsogoleri wa achifwamba musanatumidwe, kapena munatola chinthu cha quest musanalankhule ndi mwini wake. Script imadikira imfa kapena kutola, pamene zinachitika kale, ndiye imangodikirabe. Zoimbira za ku Bards College, monga Finn's Lute ndi Pantea's Flute, zinatchuka ndi vuto lomweli. Chifukwa china ndi quest ina imene yagwira munthu yemweyo. Jarl Balgruuf, mfumu ya Whiterun, sayankha za nkhondo ya pachiweniweni musanamalize Dragon Rising, ndipo kutsogolo amakana kuthandiza kugwira chinjoka ngati nkhondo ikadali mkati, mpaka mutachita Season Unending kapena kumaliza nkhondoyo. Uku si kuwonongeka, koma journal siikuuzani mokwanira kuti mukudikira chiyani. Palinso ma quest odikira nthawi. Blood on the Ice imayamba mukalowa ndi kutuluka mu Windhelm kanayi, kenako n'kupita kumanda usiku, pakati pa 7 koloko madzulo ndi 7 koloko m'mawa. Ena amadikira wonyamula makalata, amene amakupezani mukalowa m'tauni kapena m'mudzi, osati muli m'tchire.

Choncho musanagwire console, yesani izi motsatana. Bwezani chida m'chimake, muonetsetse kuti palibe mdani pafupi, chifukwa munthu amene ali pa nkhondo salankhula za quest. Werengani makalata ndi mabuku onse amene muli nawo. Ma quest ambiri amasuntha pokhapokha kalata yatsegulidwa, kuinyamula kokha sikukwana. Tulukani m'nyumbamo, pitani kutali ndi fast travel, dinani T mudikire maola 24, mubwerere. Zikakanika, sevani, mutseke gemu yonse n'kuitsegulanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ma quest ambiri amasuntha pamenepa.

Ikapanda kusuntha, tsegulani console ndi batani la ~, pansi pa Esc, koma muyambe ndi malamulo ongoyang'ana, osasintha kanthu. Sevani kaye pamanja mu sevu yatsopano. Lembani sqt: ikuonetsani ma quest amene ali ndi cholozedwa pamodzi ndi ma ID ake. ID si dzina lomwe mumaona mu journal. Mwachitsanzo Blood on the Ice ndi MS11, Dragon Rising ndi MQ104. Lembani getstage ndi ID kuti mudziwe siteji yomwe muli. Kenako sqs ndi ID: ibweretsa ma siteji onse, ochitika ali ndi 1, osachitika ali ndi 0. Mndandanda ukatalika muziuyendetsa ndi Page Up ndi Page Down. Pomaliza sqv ndi ID imaonetsa ngati quest ikuyenda kapena inaima, komanso zomwe zili m'ma alias. Alias yofunika ikakhala yopanda kanthu, mwapeza chifukwa chimene kamuvi kasowera.

Lamulo la movetoqt ndi ID limakunyamulani kukakuikani pomwe quest ikuloza. Muligwiritse ntchito ngati kazitape: mukaone chomwe chilipo, kaya mtembo, kaya munthu wokodwa mu khoma, kenako mutsegulenso sevu ija. Munthu wosochera mumamubweza polemba prid ndi RefID yake (nambala ya munthuyo m'dziko la gemu), kenako moveto player. Dziwani kuti nambala imene lamulo la help limapereka ndi BaseID, ndipo prid siiilandira; RefID mumaiona mukadina pa munthuyo console ili yotsegula, kapena mumaifufuza pa masamba ofotokoza za gemuyi.

Zonsezi zikalephera ndi pomwe setstage imabwera, ndipo lamulo lake ndi limodzi: siteji yotsatira yokha. Ngati 10, 20 ndi 30 zili pa 1 ndipo 40 ili pa 0, lembani setstage, ID, ndi 40, mutseke console, muone ngati journal yasintha, mupitirize kusewera mwa nthawi zonse. Mukalumphira ku siteji yomaliza, ma script onse a pakati sathamanga. Chitseko chimene chinayenera kutseguka chimakhala chitsekere, kiyi simulandira, ndipo quest yotsatira itha kukana kuyamba chifukwa munthu wake sanasunthidwe. Zotsatira zake zimaoneka patapita nthawi yaitali, sevu yabwino itafufutika kale. Manambala a ma siteji sakwera ndi 10 nthawi zonse, ndipo ena ndi a kulephera kwa quest, choncho muwerenge kaye tanthauzo la siteji musanailembe. Lamulo la resetquest limabweza manambala koma akufa sauka ndipo zotola sizibwerera. La caqs musalilembe n'komwe: limamaliza ma quest onse a mu gemu nthawi imodzi.

Nthenga_ya_Buluu

Malangizo onsewa ndi olondola, koma dandaulo la a Kanyimbi lokhudza journal lisazimirire m'kati mwa malamulo a console. Akunena zoona, ndipo vuto limeneli silikonzeka ndi kuchonga.

Mu Morrowind, gemu yakale ya banja lomweli la Skyrim, ya 2002, munalibe kamuvi. Wokutumani ankakuuzani njira ndi mawu: tuluka pa chipata chakuti, tsata msewu, ukafika pa mlatho ukhotere kwakuti, ndipo journal inkasunga mawuwo. Inali ndi vuto lake, chifukwa inkalemba zonse motsata masiku, mpaka chowonjezera chake cha Tribunal chitabweretsa kusanja ndi quest. Oblivion, ya 2006, inabweretsa kamuvi pa kampasi, koma quest yoyaka inkakhala imodzi, ndipo mtundu unkathandiza: kofiira ngati pali chitseko choti mudutse, kobiriwira ngati muli m'chigawo chimodzi ndi cholozedwa. Pofika Skyrim mu 2011, mawu a ma quest anawalemba podalira kuti kamuvi kalipo. Komanso ma quest ambiri ang'onoang'ono amasankha malo pa nthawi imene mukuwalandira, kuchokera pa mndandanda wa mapanga ndi misasa. Mawu ojambulidwa kale sangafotokoze njira yopita kumalo amene sanadziwike pojambula, n'chifukwa chake wotuma amangoti akulemberani pa mapu. Ndiye amene amalangiza kuti ingozimitsani mivi muzisewera ngati Morrowind akukupusitsani: muchotsa kamuvi koma palibe cholowa m'malo mwake.

Kusankha malo kumeneku kumabweretsa chisokonezo china. Ngati muli ndi chowonjezera cha Dragonborn, chomwe chili kale mu Special Edition, quest yotere itha kukutumani ku chilumba cha Solstheim. Kamuvi kamakaima pa doko la Windhelm, pa chombo cha Northern Maiden, ndipo munthu amafufuza doko lonse osadziwa kuti afunika kukwera chombocho.

Magemu ena ali ndi misampha yawo. The Witcher 3 imatsata quest imodzi, ndipo mukamaliza ina imadzisankhira yotsatira, ndiye muziyang'ana dzina la quest pansi pa kamapu musanathamange mtunda wautali. Bwalo lachikasu pa mapu silitanthauza kuti chinthu chili pakati pake. Ndi dera loti mufufuze ndi Witcher Senses, ndipo chofiira chimene mwachiphonya chimakhala m'mphepete kawirikawiri. Gemuyo imachenjeza musanapite ku Isle of Mists kuti ma quest ena a pambali alephereka mukapitirira, ndipo chenjezo limenelo si lamasewera. Elden Ring, ya 2022, ilibe journal ya ma quest n'komwe. Patch 1.03 inawonjezera zizindikiro za anthu omwe mwakumana nawo pa mapu, koma sizinena chomwe akufuna. Kumeneko mumalankhula ndi munthu mpaka ayambe kubwereza mawu, kenako mupume pa Site of Grace (malo opumirapo) kuti asunthe, ndipo mukagonjetsa mdani wamkulu Maliketh mzinda wa Leyndell umasanduka phulusa, zina zomwe munazisiya m'menemo n'kutayika.

Mankhwala ake m'magemu onsewa ndi kapepala pambali pa kiyibodi. Pa quest iliyonse imene mukuisiya kaye, lembani amene wakutumani, komwe amapezeka masana, chomwe akufuna, ndi chomwe mukudikira. Zinayi zimenezi ndi zomwe journal ya Skyrim imasiya pa ma quest a Miscellaneous, ndipo mukabwerera patapita sabata mumapeza kamzere kamodzi kopanda mutu weniweni.

Chiphaliwali64

Ndiwonjezere za ma sevu, makamaka kwa amene akuwerenga ali pa PlayStation, Xbox kapena Switch, komwe console kulibe. Kumeneko sevu yakale ndiye chida chachikulu.

Ma autosave alipo atatu ndipo amasinthana. Mukadutsa zitseko zingapo onse amakhala atalembedwanso vuto lili kale mkati. Quicksave ya F5 nayo imafufuta yam'mbuyo. Muzipanga sevu yatsopano pamanja musanalandire quest yaikulu, musanalowe m'phanga la quest, ndiponso musanakapereke chinthu kwa wotuma. Sungani khumi kapena kuposa, muzifufuta zakale kwambiri.

Unofficial Skyrim Special Edition Patch imakonza zolakwika zambiri za ma quest, ndipo ilipo pa kompyuta ndi pa Xbox. Koma imagwira bwino mukayamba gemu yatsopano. Quest imene inayamba kale ma alias ake anadzazidwa kale, ndiye patch siingabwerere kukawakonza. Dziwaninso kuti ma mod oyatsidwa kudzera mu gemu amazimitsa ma achievement mu Special Edition. Ndipo a Kanyimbi, ma mod anuwo muwaonenso bwino. Osintha zithunzi zokha alibe vuto, koma amene amasuntha nyumba, zitseko kapena anthu m'tauni atha kusokoneza poyenda anthu a quest. Musachotse mod yokhala ndi ma script pakati pa gemu poyesa kupeza wolakwa, chifukwa zotsalira zake zimakhala mu sevu. Ngati mukufuna kuyesa, yesani pa munthu watsopano.

Kanyimbi_PC

Zikomo kwambiri nonse. Ya Miscellaneous yatheka, mutu unali chizimire. Quest yoima ija ndi ya kalata ya bounty yomwe ndinalandira kwa mwini nyumba ya alendo, yopha mtsogoleri wa achifwamba, ndipo msasa wake pa mapu walembedwa kale kuti Cleared. Nditani pamenepa?

Kadzidzi_Usiku

Pali zinthu ziwiri apa. Choyamba, mwini nyumba ya alendo amangopereka kalata, mphotho sapereka iye. Mumakalandira kwa steward (kapitawo) wa Jarl wa dera limenelo, monga Proventus Avenicci ku Whiterun. Ndiye moni akukupatsaniyo si chizindikiro cha vuto. Tsegulaninso Miscellaneous muone ngati palibe kamzere katsopano konena zokatenga bounty, chifukwa kamabwera pakokha ndipo katha kukhala kozima.

Ngati kamzere kophako kakadali chomwecho, bwererani kumsasako muyang'ane pomwe kamuvi kaima. Nthawi zina mtsogoleri amakhala m'chigawo china cha malowo, mkati mwa mgodi kapena nsanja, ndipo amene munapha kunja anali wamba. Kakaima pa mtembo, sevani, tsegulani console, dinani pa mtembowo mpaka nambala yake ioneke, lembani resurrect, mutseke console, mumuphenso. Script imene imadikira imfa imalandira chomwe imafuna, ndipo njira imeneyi ndi yotetezeka kuposa setstage chifukwa quest imayenda yokha mwa dongosolo lake. Muonetsetse kuti mwadina mtembo osati udzu kapena utsi wa patsogolo pake. Kuzunguza kagudumu ka mbewa kumasintha chosankhidwa.

Opanda console adikire kuti malowo adzazenso. Malo wamba amadzaza pakatha masiku 10 a mu gemu, koma olembedwa Cleared amatenga masiku 30, ndipo masikuwo amayambiranso mukangolowamo. Choncho pitani dera lina, muchite ma quest ena kapena mudikire ndi T maola 24 mobwerezabwereza, osayandikira msasawo mpaka masiku 30 atakwana.